Mwaika injini yaikulu mu pikiapu yakale, tsopano mavuto sakutha: poyambira kufufuza

Msika wa fodya ku Chinkhoma ukangotsegulidwa, pagalaja pathu pano pa Kasungu boma timadziwiratu alendo amene akubwera. Munthu wagulitsa mabelo ake, wapita ku Biwi ku Lilongwe, wabwerako ndi injini itakhala pa tayala lakutha, ndipo akufuna ilowe mu Hilux kapena Hardbody imene inagwira kale ntchito ya zaka makumi atatu. Pakangotha milungu itatu amabweranso nkhope itagwa. "Amakaniko, anthu aja anandigulitsa injini yakufa."

Kawirikawiri injiniyo imakhala ilibe mlandu. Rediyeta, kilatchi, mabuleki, mawaya ndi difu zonse zinapangidwira injini imene mwachotsa ija. Mwamanga ng'ombe zamphamvu pa goli lofumbwa, ndiye chothyoka si ng'ombe ayi. Ndatopa kufotokozera munthu mmodzimmodzi titatsamira boneti, n'chifukwa chake ndalemba izi. Pezani chizindikiro chimene galimoto yanu ikuonetsa, muyambire pa chifukwa choyamba kutsika m'munsi, chifukwa ndaziika monga mmene zimachulukira pagalaja.

Choyamba, dziwani kuti mwalumpha mtunda wotani

Kuchotsa 2L ya malita 2.4 n'kuika 3L ya 2.8 kapena 5L ya 3.0 ndi kusinthana kwa pachibale. Mainjini atatuwa ndi a banja limodzi ku Toyota, amagwirana ndi giyabokosi imodzimodzi, ndipo mavuto ake amakhala ang'onoang'ono. Kuika 1KZ-TE ndi nkhani ina: ili ndi turbo, pampu yake imalamulidwa ndi kompyuta, hedi yake ndi ya aluminiyamu, ndipo mphamvu yake yopotokola ili cha m'ma 290 Nm pamene 2L ili cha m'ma 160. Kuika TD27 kapena QD32 ya Nissan mu galimoto ya mtundu wina, kapena kuchotsa injini ya petulo monga 4Y ndi 22R n'kuika ya dizilo, ndiko kumabweretsa pafupifupi mavuto onse ali m'munsimu.

Funsaninso kumene injini inachokera. Zambiri zimene timalandira zinali mu minibasi, Hiace kapena Caravan, ndipo zina zinali pa galimoto ya otomatiki. Zimenezi muzikumbukire, tikumana nazo kangapo.

1. Injini ikutentha kapena kuwira

Apa ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama zawo za fodya. Musanamasule chilichonse, onani nthawi imene kutentha kumakwera, chifukwa nthawiyo ndiyo imaloza kumene kuli vuto.

*Ikatentha pokwera chitunda, ndi katundu, kapena mukathamanga pa M1:*

- Rediyeta ndi yaing'ono. Ichi ndiye chimachuluka kuposa zonse. Injini yaikulu imatentha mafuta ambiri, ndipo kutentha konseko kuyenera kutulukira pa rediyeta yomwe ija ya 2.4. M'mwezi wa June imakunamizani kuti zonse zili bwino, koma ikafika October mutasenza feteleza wa ku Chamama, mudzaona nthunzi. Ikani rediyeta ya galimoto imene inabwera ndi injiniyo, kapena mukapangitse yanu ikhale ya mizere itatu.
- Rediyeta yatsekeka m'kati. Madzi a pamjigo amasiya zoyera ngati laimu m'timapaipi. Injini itatentha, izimitseni, muyendetse dzanja pankhope pa rediyeta. Mukapeza malo ozizira pakati pa malo otentha, pamenepo madzi sakudutsa. Ikatsukidwe pochotsa mathanki ake, osati kungothiramo sopo wochapira. Mukatero muzithiramo coolant wosakaniza ndi madzi oyera, ngakhale a mvula osefa.
- Paipi ya pansi ikuphwafuka. Pogwirizanitsa injini yachilendo ndi rediyeta, anthu amalumikiza zidutswa za mapaipi. Wina aponde mafuta inu mukuyang'ana paipi ya pansi. Ikafinyika ngati ikuyamwidwa, ikufunika ina yolimba kapena ya sipuling'i m'kati.
- Thermostat inachotsedwa. Ndikudziwa kuti ambiri amakhulupirira kuti kuno kotentha siifunika. Pa mainjini ambiri thermostat ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule ka madzi. Mukaichotsa, madzi amangozungulira m'kanjirako osapita ku rediyeta, ndiye mwawonjezera matenda amene mumafuna kuchiza. Bwezeranimo yoyenera injiniyo. Yakale muiyese m'madzi pa mbaula: iyenera kutseguka madzi asanawire, pa madigiri amene analembedwa pa iyo, nthawi zambiri 82.
- Pampu ya dizilo inapotokoledwa kuti ipereke mafuta ambiri. Onani pa gawo la utsi.

*Ikatentha mukaima kapena poyenda pang'onopang'ono mumsewu wa fumbi, koma n'kuzizira mukathamanga:* vuto ndi mphepo.

- Chivindikiro chozungulira fani chinatayidwa chifukwa sichinkakwana. Popanda icho fani imangotakasa mpweya wa m'boneti osakoka kudzera mu rediyeta. Wosula zidebe waluso akhoza kukupangirani cha malata. Mapiko a fani alowe m'chivindikiromo pafupifupi theka.
- Fani ya mafuta m'kati inatha. Injini itatentha n'kuzimitsidwa, izungulitseni ndi dzanja. Ikamazungulira mopepuka ngati chidole, siikugwira.
- Mankhusu a soya, makoko a mtedza ndi njere za udzu zadzaza nkhope ya rediyeta. Pemererani kuchokera kumbuyo.
- Fani ya magetsi inalumikizidwa chozondoka ndipo ikukankhira mpweya kutsogolo. Ikani kapepala patsogolo pa rediyeta, kayenera kumamatira.

*Geji ikuonetsa kutentha koma injini ikuoneka bwino, kapena geji siikusuntha n'komwe:* kachipangizo kopima kutentha kamene kanabwera ndi injini sikamvana ndi geji ya galimoto yanu. Chotsani ka pa injini yakale mukaike pa yatsopano. Chimene chimandiopsa ine si geji yonama kuti kwatentha, koma yonama kuti kuli bwino. Pa 1KZ-TE ndimakakamiza mwini galimoto kuika geji yachiwiri ya manambala, chifukwa hedi ya injini imeneyi siikhululuka. Ikawira bwinobwino kamodzi ikhoza kung'aluka.

Ngati mwangothira madzi kumene, kumbukiraninso mpweya wotsala m'kati. Imikani galimoto mutu uli kumtunda, chivindikiro cha rediyeta chili chotsegula injini ikadali yozizira, tsegulani hita ya m'kati, ilire mpaka thovu lithe. Chivindikirocho chikhale cha mphamvu imene inalembedwa, 0.9 kapena 1.1, ndipo labala wake akhale wamoyo.

Imani, musayendenso, itanani makaniko ngati: thovu likutuluka mosalekeza pakamwa pa rediyeta injini ikadali yozizira, mapaipi akulimba ngati mwala mutangoliza, oyilo wasanduka ngati tiyi wamkaka, kapena madzi akutha koma pansi palibe dontho. Pamenepo ndi gasiketi kapena hedi, ndipo hedi iyenera kukapimidwa pa makina. Musatsegule chivindikiro injini ikuwira, komanso musathire madzi ozizira mu injini yotentha.

2. Ikuvuta kulira, ikuzima yokha, kapena ikukana kuzima

*Sitata ikuzungulira mwaulesi:*

- Waya wa earth kuchokera pa injini kupita ku chasisi anaiwalika kapena ndi woonda. Yesani ndi chingwe cha jampa kuchokera ku mutu wa negative wa batire kupita pa injini penipeni. Ikalira msanga, mwapeza.
- Batire ndi la injini ya petulo. Dizilo imafuna batire lalikulu ndi mawaya onenepa.
- Sitata ndi ya 24V. Malole ang'onoang'ono ambiri a ku Japan amayendera 24V, ndipo injini yochokera kumeneko imabwera ndi sitata, alternator, mahita otenthetsa m'masilinda poliza injini ndi solenoid yotsegula ndi kutseka dizilo pa pampu, zonse za 24V. Werengani zolembedwa pa chilichonse.

*Ikuzungulira bwino koma siikugwira, makamaka m'mamawa:*

- Mpweya ukulowa m'njira ya mafuta. Polumikizira paliponse pamene munamanga ndi waya kapena mphira ya tchubu pakhoza kuyamwa mpweya popanda kudontha dizilo. Ikani kapaipi koonekera m'kati pakati pa filita ndi pampu, muone ngati mukudutsa thovu. Njira ina ndi kuyamwitsa injini kuchokera m'chigubu cha dizilo woyera. Ikalira bwino, vuto lili pakati pa thanki ndi filita.
- Mahita sakugwirizana ndi mawaya a galimoto. Toyota inali ndi mahita a mavoti osiyanasiyana, ena a 6V kapena 7V oyendera kabokosi kawokawo, ena a 11V. Mukapatsa 12V yosaduka kwa a 6V amapsa msanga. Nambala imalembedwa pa hita iliyonse. Njira imene ine ndimaikonda pa galimoto ya kumudzi ndi mahita a 11V, relay imodzi ndi batani lodina ndi chala.
- Solenoid ya pa pampu siikulandira magetsi. Mukatembenuza kiyi muyenera kumva kuti "tha" pa pampu.
- Dizilo ndi woipa. Mafuta akasowa timagula a m'zigubu, ndipo ena amakhala ndi madzi kapena parafini. Tsanulani madzi pansi pa filita. Ngati galimoto inali ya petulo, thanki iyenera kutsukidwa, pakhale paipi yobwezera mafuta, ndi filita ya dizilo yolekanitsa madzi.

Pa 1KZ-TE ndi 5L-E onjezerani kompyuta. Ngati munagula injini yokha popanda bokosi lake, mawaya ake ndi masensa ake, musataye masiku mukulumikiza moyerekeza. Waya mmodzi wolakwika amaotcha bokosi. Mupite nayo kwa wa magetsi a galimoto amene ali ndi chithunzi cha mawaya a injiniyo. Ena amathawa zonsezi poika pampu yopanda magetsi. Zimatheka, koma pampuyo ikachunidwe pa benchi kwa akatswiri a mapampu, osati pansi pa mtengo wa mango.

*Mwachotsa kiyi koma injini ikungolirabe:* nthawi zambiri magetsi akubwerera kuchokera ku alternator kudzera pa nyali ya batire n'kukasunga solenoid ili yotsegula. Zulani pulagi ya alternator, ikazima mwadziwa. Wa magetsi aike diode pa waya wa nyaliyo.

Ngozi: injini ya turbo ikayamba kukwera yokha ikufuka utsi wambiri ndipo kiyi sakuizimitsa, ikumwa oyilo wake. Pondani buleki, lowetsani giya ya pamwamba, siyani kilatchi kuti izime, kapena tsekani polowera mpweya ndi thabwa. Dzanja ayi. Musailizenso. Ndipo pofufuza kudontha pa mapaipi a manozulo musagwiritse chala, dizilo wa pamenepo amaboola khungu.

3. Buleki yalimba ngati mwaponda chitsa

Gawo ili ndi lalifupi koma ndilo lopha. Injini ya petulo imapereka yokha mphamvu yoyamwa imene imathandiza phazi lanu. Ya dizilo ilibe, imadalira kapampu kapadera. Pa 2L, 3L ndi 5L kapampuka kali kumbuyo kwa alternator.

Yesani motere: injini ili yozima pondani buleki kasanu, gwirani phazi pomwepo, lizani injini. Chopondera chiyenera kutsika pang'ono. Chikapanda kutsika:

- paipi yochokera ku kapampu siinalumikizidwe, yang'ambika kapena yaphwafuka;
- anaika alternator yopanda kapampu chifukwa inali yotchipa;
- kapampu sikakulandira oyilo, kapena paipi yake yobwezera oyilo yapindika;
- valavu ya njira imodzi yaikidwa chozondoka;
- booster yeniyeniyo, chigubu chothandiza phazi chimene chili kutsogolo kwa chopondera buleki, inabooka.

Buleki ikamagwira m'mamawa n'kumafewa mutayenda mtunda, onani ngati ekizozi yatsopano yadutsa pafupi ndi paipi ya buleki. Mafuta a buleki amawira. Sunthani paipiyo, ikani chitsulo chotchinga, thirani DOT 4 watsopano.

Tsono pali china chimene sipanala singakonze. Pikiapu ya tani imodzi ndi matumba 20 a makilogalamu 50. Injini ikakula, mwini amaona kuti 35 akukokeka bwinobwino, n'kuwonjezera masipuling'i kumbuyo kuti isagwade. Mabuleki ndi omwe aja. Masipuling'i owonjezerawo amasokonezanso valavu ya kumbuyo imene imapima kulemera kwa katundu, moti matayala a kumbuyo amalandira buleki yochepa pamene ikufunika yambiri. Pa chigwa chathu chino simungazindikire. Mukazindikira pa mitsetse ya msewu wa ku Nkhotakota. Galimoto ya buleki yokayikitsa isatuluke pageti, makaniko abwere komweko.

4. Kilatchi ikuterera, magiya akukana kapena akulira

*Injini ikukwera koma galimoto siikuthamanga, ndipo kukumveka fungo la chopsereza:* kilatchi ndi ya injini yaing'ono. Gwiritsani flywheel ndi pressure plate za injini yatsopano, ndi mbale ya kilatchi imene mano ake akugwirizana ndi shafti ya giyabokosi yanu. Ngati kilatchi ndi yoyenera, onani ngati chopondera chili ndi kampata pamwamba. Chikakhala chokokedwa nthawi zonse, kilatchi siigwira mokwanira. Chachitatu ndi oyilo wodontha pa sili ya kumbuyo kwa injini. Sili imeneyi isinthidwe injini ikadali pansi, pambuyo pake mudzalipira kutsitsanso giyabokosi.

*Magiya akukhadzula polowa, makamaka wani ndi rivesi:*

- mpweya m'mafuta a kilatchi, kapena kachitsulo kokankha ka slave cylinder n'kakafupi;
- pilot bearing palibe. Injini yochokera pa galimoto ya otomatiki imabwera yopanda kaberingi aka kumbuyo kwa crankshaft, ndipo munthu wothamangira kumaliza ntchito sakaona. Shafti ya giyabokosi imangolendewera, n'kudya beringi ndi sili;
- mbale ya kilatchi yaikidwa chozondoka;
- chitsulo chogwirizanitsa injini ndi giyabokosi sichili pakati penipeni.

Chomalizachi ndi cha amene anakwatitsa injini ya Nissan ndi giyabokosi ya Toyota kapena Isuzu. Chitsulo chodulidwa ndi moto wa gasi n'kuboola moyerekeza ndi maso chimaoneka bwino, galimoto n'kuyenda, koma mbale ya kilatchi imathyoka pakati miyezi ingapo iliyonse. Mukasintha kilatchi kawiri m'chaka chimodzi, lekani kugula yachitatu. Chitsulocho chikapangidwe pa makina, ndipo timapini tiwiri tolunjikitsa giyabokosi pa injini tikhalepo. Kunena zoona, ine ndimalangiza kugula injini pamodzi ndi giyabokosi yake. Kudula propshaft n'kosavuta kusiyana ndi kukakamiza ukwati wa alendo.

*Giya ikutuluka yokha:* onani kaye ngati ndodo ya magiya ikugunda m'mphepete mwa bowo la pansi, chifukwa giyabokosi inasuntha. Ngati sichoncho, ndipo giya faifi yayamba kulira, giyabokosi yalemedwa. Toyota inamangirira 1KZ ku magiyabokosi a mtundu wa R. A mtundu wa G amene anali kumbuyo kwa mainjini ang'onoang'ono amapirira kwa kanthawi chabe. Pamene mukusaka ndalama ya ina, musamakoke katundu pa faifi.

5. Galimoto ikunjenjemera kapena kugunda pansi

Siyanitsani kaye. Ikanjenjemera itaima injini ikulira, vuto lili pa injini ndi pokhalira pake. Ikanjenjemera pokhapokha ikuyenda, yang'anani propshaft.

*Itaima:*

- Injini, ekizozi kapena giyabokosi ikukhudza chasisi kapena bodi. Fufuzani malo onyezimira pamene chitsulo chakhala chikupekesana. Pakhale mpata wolowa zala ziwiri.
- Ma mounting ndi a petulo, kapena ndi zidutswa za tayala zobooledwa. Dizilo imagwedeza kwambiri ndipo imafuna labala wake.
- Flywheel ndi ya injini ina ndipo inabooledwanso. Iyi musayende nayo.
- Pulley ya kutsogolo yalekana ndi labala wake.

*Ikuyenda, makamaka pakati pa 60 ndi 90:*

- Propshaft inadulidwa n'kuwotchereredwa mokhota. Ntchito imeneyi ndi ya pa lathe, ndipo ikatha iyenera kubalansidwa.
- Mafoloko a mbali ziwiri sakuyang'anizana. Posolola shafti anaibwezera pa mano olakwika. Mafolokowo akhale pa mzere umodzi.
- Mchira wa giyabokosi wakwera kapena watsika. Kupendekeka kwa giyabokosi ndi kwa mphuno ya difu kuyenera kufanana, kusiyana kusapitirire digiri imodzi. Foni yanu ikhoza kupima zimenezi mukaigoneka pa chitsulo chosalala.
- Shafti ndi yaitali kwambiri moti ilibe polowera masipuling'i akapindika. Iyi imamveka "gu" mukagwa m'dzenje ndi katundu, ndipo imaswa giyabokosi.

Kugunda kwa kutsogolo m'mabampu a msewu wa ku Chulu kawirikawiri ndi sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini, ikumenya difu ya kutsogolo kapena ndodo ya chiwongolero. Injini yolemera imagwetsa mphuno ya galimoto, choncho masipuling'i kapena ma torsion bar ndi ma shock ayenera kulimbikitsidwa, kenako matayala akaongoledwe.

Apa musapitirire nokha: ngati kuti injini ikwane wina anadula mtanda wa chasisi, anatenthetsa n'kupinda ndodo ya chiwongolero, kapena mukuona mng'alu pafupi ndi pamene anawotcherera ma mounting. Chitsulo cha chiwongolero sichiwotchereredwa, chimasinthidwa.

6. Utsi wakuda, kapena mphamvu imene munalipira siikuoneka

Yambani ndi chinthu chochititsa manyazi. Wina aponde mafuta mpaka pansi injini ili yozima, inu muone ngati kamkono ka pa pampu kakufika kumapeto. Chingwe cha galimoto yakale nthawi zambiri chimakoka theka lokha. Ndinaonapo munthu atatsala pang'ono kubweza injini yabwinobwino chifukwa cha chingwe.

Zikakhala kuti pamenepo pali bwino:

- Filita ya mpweya ndi bokosi lake n'zazing'ono, kapena zadzaza fumbi. Musathetse vutoli poichotsa. Fumbi la mwezi wa September limadya maring'i m'nyengo imodzi.
- Ekizozi ndi yopapatiza, makamaka kumbuyo kwa turbo.
- Wina anapotokola bawuti wa mafuta pa pampu. Kasungu ali pamtunda wopitirira mamita 1,000, mpweya ndi wopepukirapo, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yake. Kuwonjezera dizilo sikubweza mphamvuyo, kumangobweretsa utsi ndi kutentha.
- Lamba wa taimingi walumpha dzino limodzi. Injini imavuta kulira, imafuka utsi woyera kapena imagogoda.
- Manozulo atopa. Akayesedwe pa makina.
- Pa turbo, paipi ya mpweya yang'ambika. Mumva kulira kwa mluzu ndipo pamalopo pamakhala mafuta.

Ponena za lamba wa taimingi: pa 2L, 3L, 5L ndi 1KZ musakhulupirire zoti "ndi watsopano". Simukudziwa makilomita amene wayenda, ndipo akaduka mavalavu amakumana ndi mapisitoni. Musintheni pamodzi ndi tensioner injini isanalowe, mulembe makilomita pa chivindikiro, mudzasinthenso pa 100,000. A TD27 ndi QD32 nkhawa imeneyi alibe, taimingi yawo imayendera magiya.

*Injini ikukuwa koma liwiro palibe:* difu ndi ya injini imene inkazungulira kwambiri. Dizilo zakalezi zimathera pa kuzungulira cha m'ma 4,000 pa mphindi, pamene petulo imapitirira. Kuti mudziwe difu yanu, ngati si ya mtundu womanga matayala onse awiri, tsekerani matayala ena, kwezani limodzi la kumbuyo, lembani choko pa propshaft, zungulitsani tayalalo kawiri mukuwerenga kuzungulira kwa shafti. Ikatsala pang'ono kufika kasanu ndi 4.88, ikapitirira kanayi ndi theka pang'ono ndi 4.56. Kutsikira ku 4.3 kapena 4.1 kumapumitsa injini pamsewu wa tala. Pa galimoto ya 4x4 madifu onse awiri asinthidwe pamodzi, apo ayi mudzaswa transfer, bokosi logawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, tsiku loyamba la matope. Geji ya liwiro idzanama mukasintha, iyerekezeni ndi GPS ya pa foni musanakumane ndi kamera ya apolisi.

7. Nyali ya oyilo ikuphethira

Zimitsani pomwepo, ngakhale muli pakati pa msika wa Santhe.

Ngati oyilo alimo wokwanira, ganizirani sampu. Injini ya mu minibasi imabwera ndi sampu yosiyana ndi ya pikiapu, ndipo posintha anthu amaiwala kuti sampu, paipi yoyamwira oyilo ndi ndodo yopimira zimayendera limodzi. Ndodo ya sampu ina imakuuzani kuti oyilo wadzaza pamene wachepa, ndipo paipi yaifupi imayamwa mpweya mukaponda buleki kapena pokwera chitunda. Sampu yophwanyidwa ndi hamala kuti ipatse difu mpata imatsekanso pakamwa pa paipiyo. Silikoni wochuluka amagwera m'kati n'kutseka sefa. Kaswitchi ka nyali kakhoza kukhala kakufa, inde, koma musadzitonthoze nazo mpaka makaniko atapima ndi geji yeniyeni. Mukamva kugogoda kwa pansi, injini yatsala pang'ono kunoka. Ikokedwe.

Pa turbo, paipi yobwezera oyilo itsike molunjika ku sampu. Ikapindika kapena kugona, oyilo amatulukira mu ekizozi ngati utsi wa buluu, ndipo mudzagula turbo ina pachabe.

8. Batire likutha, mawaya akununkha

Pimani pa batire injini ikulira. Muyenera kupeza mavoti a pakati pa 13.8 ndi 14.5. Zikachepa, onani lamba ndi kulunjika kwa ma pulley, kenako babu la nyali ya batire, chifukwa ma alternator ambiri sayamba kutchaja popanda ilo. Zikapitirira 15, kapena mababu akungopsa, mwina galimoto yanu ili ndi regulator ya panja pamene alternator yatsopano ili ndi yake m'kati, ndipo ziwirizo zalumikizidwa pamodzi. Wa magetsi achotsepo yakaleyo.

Waya aliyense amene munawonjezera kuchokera ku batire akhale ndi fyuzi pafupi ndi batirelo, ndipo asagone pa ekizozi kapena pa m'mphepete mwa chitsulo chakuthwa. Mukamva fungo la pulasitiki, chotsani mutu wa negative musanafufuze. Wowotcherera asanagwire galimoto ya kompyuta, batire ndi bokosilo zizulidwe.

9. Galimoto ili bwino koma yagwidwa pa rodibuloko

Nambala ya injini ya mu buluu buku ndi ya injini imene ili pansi pa mtengo kunyumba kwanu. Wapolisi akatsegula boneti, kapena mukapita kukapangitsa COF, kapena mukafuna kuwoloka pa Mwami kupita ku Chipata, kusiyana kumeneku kumakuikani pa mlandu wofotokoza kumene injini munaitenga. Sungani lisiti lolembedwa nambala ya injini ndi dzina la wogulitsa, ndipo ngati inachokera kunja, pemphani kope la mapepala a MRA. Pitani nazo ku Road Traffic ku Lilongwe kapena ku Mzuzu kuti akasinthe nambala, kukula kwa injini ndi mtundu wa mafuta ngati mwachoka ku petulo. A inshulansi auzeninso, chifukwa pa ngozi adzayang'ana galimoto imene inalembedwa pa pepala lawo.

Nambala ikakhala yopalidwa kapena ikuoneka kuti inadindidwanso, injiniyo musaigule, ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo ndi theka. Ngati mwagula kale, musayese kuikonza ndi chopalira kapena zidindo. Tengani lisiti lanu mupite nalo ku polisi nokha.